Schema ndi Catalog mu Nkhokwe za Mau za pa Kompyuta: Zimene Zida Zoyang'anira Nkhokwe Zimaona ndi Zimene Siziona

1. Mau oyamba

Dikishonale ya Rebmann ya chaka cha 1877, ya Scott ya 1892, ndiponso ya Scott ndi Hetherwick ya 1929 zinakonzedwa kompyuta isanabwere, ndipo munthu wofuna kudziwa m'mene mau anasanjidwira m'mabuku amenewa angowatsegula n'kudzionera yekha. Masiku ano ntchito yosonkhanitsa mau, kaya ndi a dikishonale kaya ndi mau atsopano a sayansi ndi malamulo, imachitikira pa kompyuta. Mauwo amasungidwa m'chinthu chimene pa Chingerezi amachitcha database, chimene ife pano tichitcha nkhokwe. Kasanjidwe ka za m'nkhokwemo sikaonekera poyera monga kamaonekera m'buku. Kamalembedwa pamalo pake, m'chiyankhulo chake, ndipo kawirikawiri amene amakasintha si munthu koma pulogalamu.

Cholinga cha kapepala kano ndi kufotokozera akatswiri a ziyankhulo ndi okonza ndondomeko za ziyankhulo zimene mapulogalamu otere amachita ndi zinthu ziwiri, schema ndi catalog. Ena anganene kuti imeneyi ndi nkhani ya amisiri a makompyuta. Ife tikuti si yawo okha. Funso lakuti awa ndi mau awiri kapena liu limodzi, ndiponso lakuti dzina ili lili m'gulu liti, ndi mafunso athu, ndipo m'nkhokwe mayankho ake amalembedwa mu schema. Tikapanda kuyankha ife, pulogalamu imaikapo mayankho amene inabadwa nawo, amene sanakonzedwe ndi Chichewa m'maganizo.

Tigwirizane kaye pa mau amene tigwiritse ntchito. Pulogalamu imene imasunga nkhokwe, monga PostgreSQL, MySQL, Oracle, SQL Server kapena SQLite, tiitcha msungi. Pulogalamu ina yapadera imene imafunsa msungi za kasanjidwe ka nkhokwe ndi kuyendetsa ntchito yosintha kasanjidweko, monga Liquibase, Flyway kapena Alembic, tiitcha chida. Zosungidwa zimakhala m'matebulo. Tebulo lili ndi madanga otsika, lililonse ndi dzina lake, ndi mizere yopingasa, uliwonse woimira chinthu chimodzi. Mau akuti schema ndi catalog tiwasiya m'kalembedwe ka Chingerezi. Tikadalemba kuti "sikimu", wowerenga akadaganiza za mpunga wa ku Domasi kapena ku Limphasa, ndipo sakadalakwa.

2. Liu limodzi, zinthu zosiyana

Maganizo osunga zinthu m'matebulo ogwirizana anachokera kwa E. F. Codd wa ku kampani ya IBM, m'nkhani imene anafalitsa mu 1970. Mu 1975 komiti ya ANSI/SPARC ku America inasiyanitsa magawo atatu a kafotokozedwe ka nkhokwe: m'mene wogwiritsa ntchito amaionera, m'mene zinthu zake zimagwirizanira pa tanthauzo, ndi m'mene zimagonera m'makina. Kafotokozedwe ka gawo lililonse kanatchedwa schema. Limeneli ndilo tanthauzo loyamba la liuli: schema ndi mau onena kuti matebulo alipo ndi awa, madanga awo ndi awa, ndipo chololedwa kulowa m'danga lililonse ndi chakuti.

Mu 1985 Codd yemweyo analemba malamulo oyesera asungi, ndipo lamulo lachinayi linali lakuti kafotokozedwe ka nkhokwe kazisungidwa m'nkhokwe momwemo, m'matebulo, kuti munthu azikafunsa ndi chiyankhulo chomwe amafunsira zina zonse. Matebulo ofotokoza matebulo anzawo amenewa ndiwo catalog pa tanthauzo lake loyamba. Ife tiwatcha kaundula. Katswiri wa ziyankhulo sachedwa kuzindikira chimene chikuchitika apa, pakuti n'chimodzimodzi ndi kulemba galamala ya Chichewa m'Chichewa.

Chisokonezo chinakula ndi muyezo wa chiyankhulo cha SQL, chimene asungi onse tawatchulawa amamva. Muyezowu unatuluka koyamba mu 1986, ndipo wa 1992 unakhazikitsa tanthauzo lachiwiri la mau onse awiri. Pa tanthauzo limeneli schema ndi chigawo chokhala ndi dzina m'mene mumakhala matebulo, ndipo catalog ndi gulu la zigawo zotere. Dzina lathunthu la tebulo limakhala la magawo atatu, monga m'mene timatchulira boma, mudzi ndi nyumba:

(1) ziyankhulo.chichewa.mayina

Mu (1), ziyankhulo ndi catalog, chichewa ndi schema, mayina ndi tebulo. Muyezowo unanenanso kuti mu catalog iliyonse muzikhala schema imodzi yotchedwa INFORMATION_SCHEMA, ndipo imeneyi ndiyo kaundula. Tsono mau awiri asenza matanthauzo anayi, ndipo kaundula, amene poyamba ankatchedwa catalog, tsopano ndi schema yokhala m'kati mwa catalog.

Zikadathera pamenepa bwenzi zili zopepuka, koma msungi aliyense anatenga muyezowo m'njira yake. PostgreSQL ndiye amayandikira kwambiri. Anayamba kukhala ndi zigawo za schema mu 2002, ndi INFORMATION_SCHEMA mu 2003. Chimene iye amachitcha database ndicho catalog ya muyezo, ndipo munthu akalumikizana naye amaona catalog imodzi yokha pa nthawi imodzi. Tebulo likatchulidwa popanda schema, PostgreSQL amalifuna potsata mndandanda wotchedwa search_path, umene nthawi zambiri umafikitsa ku schema yotchedwa public. Ali ndi kaundula wakewake, wodzaza kuposa wa muyezo, ndipo kaundulayo ndi schema yotchedwa pg_catalog. SQL Server amatsatanso magawo atatu, schema yake ya masiku onse ndi dbo, ndipo iye amalola funso limodzi kukhudza matebulo a mu catalog zosiyana. Chaka cha 2005 chisanafike, kwa iye schema ndi mwini wa tebulo zinali chinthu chimodzi.

Kwa Oracle, kwa zaka zonsezi schema yakhala yomangiriridwa ku dzina la wogwiritsa ntchito: wolowa ndi dzina lakuti CHICHEWA matebulo ake amakhala mu schema ya CHICHEWA. INFORMATION_SCHEMA alibe. Kaundula wake amaonekera m'matebulo monga USER_TABLES ndi ALL_TABLES, ndipo eni ake amamutcha data dictionary, ndiye kuti dikishonale, liu limene kwa ife lili kale ndi ntchito yake. SQLite, amene nkhokwe yake yonse ndi fayilo imodzi, amatcha nkhokweyo main, ndipo kaundula wake ndi tebulo limodzi, sqlite_master, limene kuyambira 2020 limatchedwanso sqlite_schema.

MySQL ndiye woyenera kuimapo pang'ono, chifukwa ndi wofala kwambiri pa makompyuta osungira masamba a pa intaneti. Iye ali ndi gawo limodzi lokha pamwamba pa tebulo. Lamulo lakuti CREATE SCHEMA ndi lakuti CREATE DATABASE amachita chinthu chimodzi. Mu kaundula wake gawo limeneli limalembedwa m'danga la schema, ndipo m'danga la catalog mumangolembedwa mau akuti def pa mzere uliwonse. Koma pulogalamu imene imalumikiza MySQL ndi chiyankhulo cha Java, yotchedwa Connector/J, imapereka gawo lomwelo ngati catalog. Motero chinthu chimodzi wogwiritsa ntchito amachitcha database, kaundula amachitcha schema, ndipo chida chimachimva ngati catalog.

Sitikuganiza kuti zimenezi zinachitika chifukwa cha ulesi. Oracle anayamba kugulitsidwa mu 1979, muyezo usanabadwe, ndipo anthu anali atamanga kale ntchito zawo pa iye. Amene anakhalapo m'komiti ya kalembedwe amadziwa m'mene zimakhalira malamulo akafika mabuku atasindikizidwa kale. Liu limene ku Malawi timalemba kuti chinthu, ku Zambia amalemba kuti cinthu, ndipo palibe amene akulakwa m'dziko la kwawo.

3. M'mene chida chimafunsira

Chida sichiona matebulo. Chimaona zokhazo zimene kaundula wayankha, ndipo yankho limatengera m'mene funso lafunsidwira. Zida zambiri zolembedwa mu Java, kuphatikizapo Liquibase, zimadzera pa khomo lotchedwa JDBC, limene linatsegulidwa mu 1997. Pofunsa kuti kuli matebulo ati, chida chimapereka zinthu zinayi: catalog, schema, dzina la tebulo, ndi mtundu wa tebulo. Pa catalog chikhoza kupereka dzina, kapena kupereka mau opanda lembo ngakhale limodzi, kapena kupereka chizindikiro chotchedwa null. Ziwiri zomalizazi si zofanana. Mau opanda lembo amatanthauza "ndipatseni matebulo opanda catalog", pamene null amatanthauza "za catalog sindikunenapo kanthu". Kusiyanaku timakudziwa bwino m'galamala: kunena kuti dzina lakuti galu lilibe mphatikiram'mbuyo woonekera ndi kunena kanthu, koma kusiya danga lopanda kanthu chifukwa sitinafufuze ndi nkhani ina.

Connector/J ya m'badwo wa 5.1 inkamva null ngati "nkhokwe imene ndalowamoyi". Ya m'badwo wa 8.0 inasintha n'kuyamba kumva null monga JDBC imanenera, ndiye kuti nkhokwe zonse zimene wofunsayo akuloledwa kuona. Tiyerekeze kuti pa kompyuta imodzi pali nkhokwe ya Chichewa ndi ya Chitumbuka, ndipo ya Chitumbuka ili kale ndi tebulo lotchedwa mayina. Chida chotumidwa kukamanga tebulo la mayina m'nkhokwe ya Chichewa chifunsa ndi null, chiuzidwa kuti tebulo lotero lilipo, ndipo chipitirira osamanga. Palibe chanama. Funso lomwelo lasintha tanthauzo chifukwa womasulira wasintha. Mu 2019 eni ake anaonjezera chosankha chotchedwa databaseTerm, chimene chimalola munthu kunena yekha ngati gawo lija lizimveka ngati catalog kapena ngati schema.

Palinso timisampha tina ting'onoting'ono pa khomo lomweli. Dzina la schema ndi la tebulo sizimveka ngati maina enieni koma ngati chifanizo choyerekezera, m'mene kamzere kapansi kamaimira lembo lililonse, kotero kuti wofunsa za mau_a akhozanso kulandira mauwa. Dzina lolembedwa popanda zizindikiro zogwidwira mau Oracle amalisandutsa la malembo akuluakulu, monga muyezo umanenera, PostgreSQL amalisandutsa la malembo ang'onoang'ono, ndipo kwa MySQL kusiyana kwa Mayina ndi mayina kumatengera ngati kompyutayo ikuyendera Linux kapena Windows. Ndiponso INFORMATION_SCHEMA imaonetsa munthu matebulo okhawo amene ali ndi chilolezo pa iwo. Chida cholowa ndi chilolezo chochepa chimanena kuti tebulo kulibe pamene lilipo.

4. Kusintha schema

Tifike tsopano pa ntchito yeniyeni ya zida zimenezi. Tiyerekeze kuti gulu la akatswiri layamba kusonkhanitsa maina a Chichewa, ndipo tebulo lawo loyamba lili ndi madanga atatu:

(2) liu, gulu, tanthauzo

Mmisiri wawo, atamva kuti magulu a maina a ziyankhulo za Bantu amadziwika ndi manambala a Bleek ndi Meinhof, walamula kuti m'danga la gulu muzilowa nambala yokha. Munthu alowa ndi 1, mudzi ndi 3, chinthu ndi 7. Akafika pa galu, msungi akana, chifukwa galu ali m'gulu la 1a, limene timalidziwa kuchokera kwa C. M. Doke, ndipo 1a si nambala. Wina apereka maganizo akuti atsate galamala ya ku sukulu, imene imatchula magulu awiriawiri: Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi. Koma kumeneko sikungosintha malembo ayi. Manambala amaika dzina la chimodzi ndi la zambiri m'magulu osiyana, pamene njira ya ku sukulu imawamanga pamodzi, ndipo pamenepo madzi, amene alibe dzina la chimodzi, amafuna kuwaganizira mwapadera. Kusankha mtundu wa danga limodzi ndi kusankha pakati pa njira ziwiri zosanthulira chiyankhulo. Ndipo popeza kusanthula kumakula pamene mau akuchuluka, schema ya nkhokwe ya mau imasintha nthawi zambiri ntchito isanathe.

Zida zosinthira schema zili ndi njira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya mbiri. Liquibase, imene Nathan Voxland anayamba mu 2006, ndi Flyway, imene Axel Fontaine anayamba mu 2010, zimafuna kuti kusintha kulikonse kulembedwe pakokha, motsatana. Kwa Flyway mafayilo amatchedwa motere:

(3) V1__tebulo_la_mayina.sql
(4) V2__gulu_likhale_malembo.sql

Chida chimasunga buku lake m'nkhokwe momwemo, tebulo lotchedwa flyway_schema_history kapena, kwa Liquibase, DATABASECHANGELOG. M'bukumo chimalemba kuti fayilo yakuti inayendetsedwa tsiku lakuti, pamodzi ndi nambala yowerengedwa kuchokera ku malembo onse a m'fayiloyo. Wina akasintha fayilo imene inayendetsedwa kale, nambalayo sigwirizananso ndipo chida chimakana kupitirira. Mwambo umenewu ndi wabwino, ndipo tikadakonda kuti makomiti a kalembedwe azisunga mbiri ya zosintha zawo mosamala chomwechi.

Koma bukulo nalonso ndi tebulo, ndipo limakhala mu schema ina yake. Apa ndi pamene za m'chigawo 2 zimabwerera. Ngati anthu awiri alowa mu PostgreSQL ndi maina osiyana, ndipo search_path yawo ndi yosiyana, chida cha wachiwiriyo chikafuna buku lake kumalo kumene kulibe. Chikapeza kuti schema imene chafikamo ilibe kanthu, chimaganiza kuti nkhokweyo ndi yatsopano, n'kumanga matebulo onse kachiwiri kuyambira pa (3). Kuyambira tsiku limenelo pali matebulo awiri a mayina, ndipo olemba mau akuthira m'madengu awiri osadziwa. Mankhwala ake ndi osavuta: dzina la schema lilembedwe poyera m'zosankha za chida, lisasiyidwe kuti msungi aganize yekha.

Njira yachiwiri ndi yoyerekeza. Munthu amalemba schema imene akufuna, chida chimawerenga kaundula kuti chione imene ilipo, ndipo chimalemba chokha malamulo ochotsera kusiyanako. Alembic imatha kuchita zimenezi, ndipo Liquibase nayo ili ndi lamulo loyerekezera nkhokwe ziwiri. Njirayi ndi yokopa chifukwa imachepetsa ntchito, koma ili ndi malire amene sangachoke ngakhale chida chikonzedwe bwino chotani. Tiyerekeze kuti akatswiri aja asintha dzina la danga la tanthauzo kuti likhale matanthauzo. Kaundula akuti pali danga la tanthauzo, munthu akuti pakhale la matanthauzo. Chida chili ndi mayankho awiri: dangalo lasintha dzina, kapena lakale lachotsedwa ndipo latsopano laonjezedwa. Mu kaundula mulibe chosonyeza kuti loona ndi liti. Mabuku a malangizo a Alembic amanena poyera kuti kusintha dzina la danga chidacho chimakuona ngati kuchotsa ndi kuonjezera. Django, pofika pamalo otere, amaima n'kufunsa munthu. Wina akayendetsa malamulo olembedwa ndi chida osawawerenga, matanthauzo onse amene anthu analemba amafufutika, ndipo m'malo mwake mukhala danga latsopano lopanda kanthu.

Choposa apa, pali zosintha zimene chida sichingathe n'komwe, chifukwa zimafuna kudziwa chiyankhulo. Akatswiri aja akafuna kugawa danga la liu kuti mphatikiram'mbuyo akhale payekha ndipo tsinde likhale palokha, kumanga madanga awiri atsopano ndi ntchito ya kamphindi. Kudzaza madangawo ndi kumene kuli ntchito. Taonani maina awa:

(5) kamwana, kalulu, kalata

Onse ayamba ndi ka-, koma ndi mu kamwana mokha m'mene ka- ali mphatikiram'mbuyo wa gulu la 12. Timati kamwana kanga, koma kalulu wanga, ndiponso kalata yanga; zambiri zake ndi tiana, akalulu, makalata. Lamulo lodula ka- paliponse lipereka -lulu ndi -lata ngati matsinde, ndipo msungi alandira mosangalala, pakuti malembo ndi malembo. Fayilo yosinthira yotere iyenera kulembedwa ndi mmisiri ali pamodzi ndi katswiri wa chiyankhulo, ndipo iyenera kudalira danga la gulu osati maonekedwe a liu.

Chotsala ndi chimene chimachitika ntchito ikaduka pakati, monga magetsi akazima. PostgreSQL, SQL Server ndi SQLite amatha kubweza zosintha za schema zimene sizinathe, nkhokwe n'kukhala monga inalili. MySQL ndi Oracle amakhazikitsa lamulo lililonse losintha schema likangotha, kotero kuti fayilo ya malamulo asanu ikaduka pa lachitatu, awiri oyamba akhala atachitika. Zikatero kaundula ndi buku la chida sizigwirizana, ndipo munthu ayenera kukonza ndi dzanja. N'chifukwa chake pa asungi awiriwa ndi bwino kuti fayilo iliyonse isinthe chinthu chimodzi. Flyway ilinso ndi lamulo lotchedwa clean, limene limafufuta zonse za mu schema imene lalozeredwa. Kuyambira 2022 lamuloli limabwera lotsekedwa mpaka munthu atalitsegula yekha, ndipo pambuyo pa zimene taona za m'mene chida chimasocherera pa dzina la schema, chifukwa chake n'chosachita kufunsa.

5. Malembo ndi kufanana kwa mau

Gawo la schema limene limatikhudza koposa ndi limene nthawi zambiri silitchulidwa m'mafayilo. Danga lililonse la malembo lili ndi zinthu ziwiri: gulu la malembo amene lingasunge, ndi lamulo loyerekezera ndi kusanja malembowo, lotchedwa collation. Kwa MySQL zimenezi zikhoza kunenedwa pa msungi yense, pa nkhokwe, pa tebulo, kapena pa danga, ndipo pamene sizinanenedwe chapansi chimatengera chapamwamba pa nthawi imene chikumangidwa. Kusintha za nkhokwe pambuyo pake sikusintha matebulo amene alipo kale.

Kufikira m'badwo wa 5.7, MySQL ankabwera ndi gulu la malembo lotchedwa latin1 ndi kasanjidwe ka Chiswidi, pakuti kampani imene inamupanga inali ya ku Sweden. Mu latin1 muli á, é, í, ó ndi ú, koma mulibe ŵ. Lembo limeneli, limene Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa Centre for Language Studies amalilemba, limapezekanso m'chiyankhulo cha ku Wales, ndipo mu Unicode nambala yake ndi U+0175. Wolemba Malaŵi kapena aŵiri m'danga la latin1, msungi amamukana kapena amaika chizindikiro cha funso pamalo pa ŵ, malinga ndi m'mene anatchera. Chizindikiro cha funsocho chikalowa, palibe njira yodziwira chimene chinalipo.

MySQL 8.0, wa mu 2018, amabwera ndi utf8mb4, m'mene malembo onse a Unicode amakwana, ndipo vuto limenelo linatha pa matebulo atsopano. Koma collation yake ya masiku onse ndi utf8mb4_0900_ai_ci, ndipo ai ndi ci zikutanthauza kuti sasiyanitsa lembo lokhala ndi kachizindikiro pamwamba ndi lopanda, kapena lalikulu ndi laling'ono. Taonani tsono maina amene amasiyana pa kukwera ndi kutsika kwa liu kokha:

(6) mténgo wa m'nkhalango, mtengo wa pa msika
(7) khúngu la pa thupi, khungú la maso

Kwa collation imeneyi mténgo ndi mtengo ndi liu limodzi. Ngati schema ikunena kuti liu lisalowe kawiri m'tebulo, lamulo limene mmisiri aliyense wosamala angaike, lachiwirilo likanidwa. Choopsa kwambiri ndi pamene pulogalamu yothira mau yalamulidwa kuti ikapeza liu lilipo kale izingolemba tanthauzo latsopano pamwamba pa lakale, chifukwa pamenepo palibe amene amva dandaulo. Komabe tisafulumire kunena kuti collation yosasiyanitsayi ndi yoipa. Mwana wa sukulu wofuna liu pa foni salemba ŵ kapena zizindikiro za kakweredwe ka liu, ndipo ayenera kulipeza. Kufanana kumene kumathandiza wofunafuna si kumene kumathandiza wolemba dikishonale. Maganizo athu ndi akuti pakhale madanga awiri, limodzi la liu lolembedwa mokwanira lokhala ndi collation yosiyanitsa zonse, monga utf8mb4_0900_as_cs, lina la kufunafuna lokhala ndi yosasiyanitsa. Kusiyana kwa mau ndi mawu, kapena kwa chinthu ndi cinthu, collation ya masiku onse sikufikako. Kumafuna tebulo lakelake la makalembedwe osiyana a liu limodzi, lonena kuti kalembedwe aka ndi ka kuti ndiponso ka nyengo iti.

Apa mpamene buku la chida limanyenga wosadziwa. Fayilo (3) ikapanda kutchula gulu la malembo, imabala tebulo la latin1 pa kompyuta yakale ndi la utf8mb4 pa yatsopano. M'buku monse muwiri mulembedwa kuti V1 inayenda bwino, ndipo nambala yotsimikizira ikhala yomweyo, chifukwa nambalayo ndi ya fayilo, si ya chimene fayiloyo yabala. Wofuna kudziwa choona afunse kaundula, pa madanga a CHARACTER_SET_NAME ndi COLLATION_NAME a mu INFORMATION_SCHEMA.COLUMNS.

PostgreSQL ali ndi mavuto a mtundu wina. Gulu la malembo limasankhidwa pomanga nkhokwe ndipo silisinthika pambuyo pake. Pa masiku onse iye amati mau awiri ndi ofanana pokhapokha atafanana nambala ndi nambala, ndipo zimenezi zimateteza (6) ndi (7), koma zimatsegula khomo lina. Mu Unicode ŵ akhoza kulembedwa ngati lembo limodzi, U+0175, kapena ngati w wotsatiridwa ndi kadenga kapadera, U+0302. Pa maso n'zofanana, kwa msungi n'zosiyana, ndipo Chicheŵa chikhoza kulowa kawiri. Kuyambira 2020 PostgreSQL ali ndi lamulo lotchedwa normalize losandutsira zonse kukhala m'maonekedwe amodzi, koma liyenera kuikidwa pa khomo la tebulo ndi munthu. Chimodzimodzi ndi kachizindikiro ka mu ng'ombe. Pali U+0027 wa pa kiyibodi, U+2019 amene mapulogalamu olembera makalata amaika okha, ndi U+02BC amene Unicode amamuwerenga ngati lembo. Woyambayo mu SQL ndiye wotsekera mau ogwidwa, kotero kuti fayilo yothira ng'ombe popanda kulemba kachizindikiroko kawiri imaduka pa ng.

Kasanjidwe nako kamasintha pansi pa mapazi. Mu 2018 laibulale ya glibc 2.28, imene PostgreSQL amadalira posanja pa makompyuta ambiri a Linux, inasintha malamulo ake, ndipo amene anasamutsira nkhokwe zawo ku makompyuta atsopano anayenera kumanganso mindandanda yofulumizitsira kufunafuna, chifukwa yakale inali yosanjidwa m'njira imene msungi sankaitsatanso. Kuyambira 2017 PostgreSQL amatha kugwiritsa ntchito laibulale ya ICU m'malo mwake, ndipo kuyambira 2023 amalola munthu kulemba malamulo akeake a kasanjidwe pomanga collation. Njira yolembera ilipo tsono. Chimene mmisiri sangalembe yekha ndi za m'kati mwake: ngati ng' asanjidwe ngati lembo palokha pambuyo pa mau onse oyamba ndi ng, kapena asakanikirane nawo kachizindikiroko osawerengedwa, ngati ŵ atsate w kapena akhale naye pamodzi, ndiponso, pakati pa mténgo ndi mtengo, liti liyambe. Amenewa ndi mafunso atatu amene bungwe loona za chiyankhulo lingayankhe pa tsamba limodzi, ndipo tsambalo lingalowe mu fayilo yoyamba ya nkhokwe iliyonse ya Chichewa, tebulo la mayina lisanamangidwe.